Kodi T Ndi "Nthaŵi"?

Aphunzitsi ena, pofotokoza m'Chicheŵa kajambulidwe ka magalafu pa kalikyuleta monga TI-81, yomwe idatuluka mu 1990, amamasulira chilembo cha T kuti "nthaŵi". Kumasuliraku kumagwirizana ndi chitsanzo cha mwala woponyedwa m'mwamba, pakuti malo a mwalawo amasinthadi ndi masekondi. Pena pamakhala posokeretsa. Wophunzira akasankha madigiri, nalemba X = cos T ndi Y = sin T, kuyambira Tmin 0 kulekeza Tmax 360, T imaimira ngodya. Akaika Tstep pa 90, pamatuluka chithunzi cha mbali zinayi m'malo mwa mkombero, ndipo mwana woloŵeza "nthaŵi" amasoŵa chifukwa chake. Olemba mabuku angachite bwino kungobwereka liwu lakuti "paramita".