Namkungwi Wopanda Phungu: Chinenero ndi Umwini pa Maphunziro a Ojambula Mafilimu m'Zambia

1.0 Mawu oyamba

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika maphunziro amene achinyamata a m'Zambia akhala akupatsidwa pa luso lojambula mafilimu a zochitika zenizeni, amene pa Chingerezi amatchedwa documentary. Dera limene tikuliganizira kwambiri ndi la Chipata ndi midzi yozungulira, kumene makamera amafika ochuluka kawiri pa chaka: mu February pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, ndi mu August pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete. Zithunzi za miyambo imeneyi zilipo zosawerengeka, koma mafilimu amene anaganiziridwa, kufunsidwa ndi kusanjidwa m'chinenero cha eni dera ndi ochepa.

Mfundo yathu ndi yakuti maphunziro ambiri amapereka kamera m'manja mwa wophunzira koma amasiya mphamvu ya chinenero m'manja mwa mphunzitsi. Tiyamba ndi mbiri ya vutoli, kenaka tiunika chitsanzo cha amayi a ku Samfya, tisonyeza malo atatu pamene chinenero chimalamula filimu, ndipo pomaliza tifotokoza ntchito imene ikudikira zigawo zophunzitsa zinenero za mu Africa.

2.0 Cholowa cha nthawi ya atsamunda

Chinyanja chinalowa m'mafilimu kalekale, koma chinalowera pa khomo la kuseri. Pakati pa 1935 ndi 1937 bungwe la Bantu Educational Kinema Experiment, lotsogozedwa ndi L. A. Notcutt ndi G. C. Latham, linapanga mafilimu pafupifupi 35 ndi kuwaonetsa ku Tanganyika, Kenya, Uganda, Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Mawu ofotokoza ankajambulidwa padera pa mbale za galamafoni m'zinenero zingapo, ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa izo. Nkhani ndi zithunzi zinkakonzedwa ndi Azungu. Chinenero chathu chinkaikidwa pamwamba ntchito yonse itatha.

Mu 1939 boma la Britain linakhazikitsa Colonial Film Unit pansi pa William Sellers, amene ankaphunzitsa kuti munthu wakuda wa kumudzi sangathe kutsatira zithunzi zosinthasintha mofulumira. Bungweli linatsegula sukulu yophunzitsa anthu akuda kujambula ku Accra mu 1948. Chaka chomwecho kuno kwathu kunabadwa Central African Film Unit, imene likulu lake linali ku Salisbury, Harare wa lero, ndipo inatumikira maiko atatu mpaka chitaganya chitatha mu 1963. Mafilimu ake oyamba, monga Mulenga Goes to Town yonena za mnyamata wa kumudzi amene akumana ndi mavuto m'tauni, anali opanda mawu. Galimoto yoonetsa kanema ikafika pamudzi, womasulira wachikuda ankaima pambali pa chinsalu n'kumafotokoza nkhaniyo m'chinenero cha anthu.

James Burns, m'buku lake la mu 2002 lotchedwa Flickering Shadows, akusonyeza kuti akuluakulu a boma ankada nkhawa ndi omasulirawa, popeza iwo nthawi zina ankapotoza uthenga kapena kuwonjezera zawozawo. Apa pali phunziro loyamba: amene wagwira chinenero wagwira tanthauzo la filimu. Atsamunda anazindikira zimenezi, n'chifukwa chake anagawa ntchito motere: Mzungu alembe, ajambule ndi kusanja, wakuda anyamule katundu, asewere ndi kumasulira. Ufulu utabwera mu 1964, Zambia Information Services inatenga ntchito yoonetsa kanema m'midzi, ndipo mu 2005 inaphatikizidwa ndi Zambia News Agency n'kukhala ZANIS. Kamera inasintha manja, koma chizolowezi cholemba filimu m'Chingerezi n'kuimasulira pambuyo pake chinatsala.

3.0 Chitsanzo cha ku Samfya

Ntchito zophunzitsa ojambula atsopano zakhalapo ndithu. Mu 2001 ntchito ya Steps for the Future, yotsogozedwa ndi Don Edkins ku Cape Town, inathandiza ojambula a kummwera kwa Africa kupanga mafilimu okhudza Edzi; mwa iwo munatuluka Imiti Ikula ya Sampa Kangwa-Wilkie ndi Simon Wilkie, yonena za mtsikana wokhala m'misewu ya Lusaka. Musola Cathrine Kaseketi anayambitsa Vilole Images kuti aphunzitse achinyamata a m'dziko muno. Mu 2018 MultiChoice Talent Factory inatsegula sukulu ku Lusaka, yotenga ophunzira 20 ochokera m'maiko angapo kwa miyezi 12. Ophunzira osiyana maiko chotere chinenero chowalumikiza chimakhala Chingerezi basi.

Chitsanzo chimene chikuonetsa bwino phindu ndi vuto lomwe ndi cha ku Samfya m'chigawo cha Luapula. Kumeneko bungwe la Camfed linasonkhanitsa amayi 23, ambiri mwa iwo osagwirapo kamera chibadwire, ndi kuwaphunzitsa kujambula. Amayiwo anasankha okha nkhani ya mnzawo wamasiye amene makolo ake anamwalira ndi Edzi, anaijambula, ndipo anaionetsa kwa anthu a kwawo. Tiyenera kuvomereza kuti apa panachitika chinthu chachikulu: nkhani inasankhidwa ndi eni ake, inalankhulidwa m'Chibemba, ndipo oyamba kuiona anali anansi awo.

Komabe filimu imene inayenda m'maiko akunja ndi ina, yotchedwa Where the Water Meets the Sky ya mu 2008, yonena za maphunzirowo, ndipo wofotokoza wake ndi Morgan Freeman. Woonera wa ku London kapena New York amawadziwa amayiwa kudzera m'mawu a Chingerezi a munthu wotchuka wa ku America, pamene mawu awo enieni amatsikira m'munsi mwa chithunzi. Sitikukayika cholinga chabwino cha amene anaipanga. Tikungoona kuti kagawidwe ka ntchito kakale kaja kabwereranso motembenuka: kale womasulira wakuda ankafotokoza filimu ya Mzungu kwa anthu akuda, tsopano wofotokoza wakunja akufotokoza ojambula akuda kwa anthu akunja. Ophunzira asanduka mutu wa nkhani ya aphunzitsi awo.

4.0 Malo atatu pamene chinenero chimalamula

4.1 Pofunsa mafunso

Wophunzira amene waphunzitsidwa m'Chingerezi amafika pamudzi ndi mafunso omasuliridwa liwu ndi liwu. Funso lofala kwambiri m'mafilimu otere, lofuna kudziwa za mumtima mwa munthu, limatuluka motere: "Munamva bwanji?" Koma mneni -mva amatanthauza kumva ndi khutu, kumvetsa, ndiponso kumva m'thupi kapena mumtima. Gogo wofunsidwa chotere za imfa ya mwana wake angathe kuyankha molondola kuti uthengawo unabwera ndi mnyamata wa panjinga. Wojambula amaganiza kuti gogoyo wazemba funso, pamene funsolo ndilo linali lopunduka.

Ndiponso kwathu kuno mawu ali ndi njira yake. Mlendo safunsa mfumu maso ndi maso asanadzere kwa nduna. Chilolezo chojambula Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, sichipezeka pa kapepala kosainidwa ndi munthu mmodzi. Chili kwa mwini mzinda ndi akuluakulu ake. Sukulu za mafilimu zimayamikira wojambula amene walowa pobisika. Mwambo umati chilombo ndi chilombo, ndipo za kudambwe sizituluka. Wophunzira amene sanauzidwe kusiyana kumeneku angathe kulandira mphoto kunja ndi kutsekeredwa njira kwawo.

4.2 Posanja zithunzi

Filimu ya zochitika zenizeni imabadwira m'chipinda chosanjira, mmene maola ambiri a zojambulidwa amadulidwa kuti atsale mphindi zochepa. Kawirikawiri mphunzitsi wosamva chinenero amasanja potsatira pepala la mawu omasuliridwa m'Chingerezi. Taonani chimene chimatayika. Mayi akufotokoza za mwamuna wake: poyamba akuti "abwera usiku", "andikalipira", mogwiritsa ntchito a- waulemu; pakati pa nkhani asintha n'kunena kuti "wandimenya". Kuchoka pa a- kufika pa wa- ndiko pachimake pa umboni wonsewo, pamene ulemu wa zaka zambiri wagwa pansi. Pa pepala la Chingerezi mlowam'malo ndi mmodzi yemweyo, ndipo wosanja angathe kudula malo omwewo osadziwa kuti wadula mtima wa filimu.

N'chimodzimodzi ndi mvekero. Mlimi akati munda unangoti mbuu, kapena kuti pamudzi panali zii, kapena kuti anthu anangoti balala, wajambula chithunzi ndi liwu limodzi. Womasulira wofulumira amalidumpha liwulo chifukwa Chingerezi chilibe lofanana nalo, ndipo wosanja, poona kuti pa pepala palibe kanthu, amataya chiganizocho.

4.3 Polemba mawu a m'munsi

Mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi amakhala mizere iwiri yokha, uliwonse wa malembo pafupifupi 40, ndipo amaoneka kwa masekondi ochepa. M'malo opanikiza chotere kumwalira, kutisiya ndi kufa zimasanduka liwu limodzi, ndipo mwambi umasanduka chiganizo chozizira. Vuto lina n'lakuti mawu a m'munsi amaganiziridwa ngati msewu wopita mbali imodzi, kuchoka ku zinenero zathu kunka ku Chingerezi. Katswiri wa zaulimi akalankhula Chingerezi m'filimu yojambulidwa ku Madzimoyo, palibe amene amalemba mawu ake m'Chinyanja kuti alimi ojambulidwawo amve zimene zikunenedwa za iwo. Ogontha, monga ana a pa sukulu ya ku Magwero, nawonso amatsala kunja.

Tisaiwalenso kuti dera lino si la chinenero chimodzi. Angoni a Mpezeni amalankhula chinenero choyandikana kwambiri ndi Chinsenga, ndipo mawu akale a Chingoni anatsalira m'nyimbo ndi m'zitamando za mafumu. Ku Mambwe kuli Akunda, ku Lundazi kuli Atumbuka. Mnyamata wokulira ku Lusaka, wolankhula Chinyanja cha m'tauni, akafika ku Mtenguleni amakhala mlendo ndithu, ngakhale khungu lake ndi lofanana ndi la amene akuwajambula. Khungu lokha silipatsa munthu khutu.

5.0 Uphungu ndi umwini

Mwambo wa chinamwali umasiyanitsa anthu awiri. Namkungwi amatsogolera mwambo ndi kupereka malangizo kwa anamwali onse pamodzi. Phungu amakhala pambali pa namwali mmodzi, kumumasulira zimene sanamve, kumuyankhira pamene walephera, ndi kumuyang'anira mwambo utatha. Maphunziro a milungu iwiri kapena itatu, amene mabungwe amakonda chifukwa ndi osavuta kuwerengera, ali ngati chinamwali chokhala ndi namkungwi koma chopanda phungu. Mphunzitsi akakwera ndege, wophunzira amatsala ndi satifiketi, wopanda kamera, wopanda kompyuta yosanjira, ndiponso wopanda womufunsa.

Sitikunena kuti mphunzitsi wakunja ndi wosafunika. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ntchito imene Jean Rouch ndi anzake anachita ku Maputo mu 1978 inabala Ateliers Varan mu 1981. Ku Brazil, Vídeo nas Aldeias ya Vincent Carelli inayamba m'zaka za m'ma 1980 ndi kujambula eni nthaka, koma patapita nthawi inasanduka sukulu imene eni nthakawo amajambula ndi kusanja okha m'zinenero zawo. Ku Canada, Wapikoni Mobile, yoyambitsidwa mu 2004, imatengera zipangizo zojambulira ndi zosanjira kumidzi ya eni nthaka m'malo moitanira achinyamata ku mzinda. Ntchito ziwiri zomalizazi zikufanana pa mfundo ziwiri: zimabwerera kumudzi womwewo kwa zaka zambiri, ndipo zimasanjira filimu pamaso pa eni chinenero.

Mbiri ya Madzimoyo yeniyeniyo ikutichenjeza za kutalika kwa ulendo wochoka pa kuphunzitsidwa kufika pa kulamulira. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899. M'busa woyamba wa m'dziko muno mu mpingowo, Justo Mwale, anadzozedwa mu 1929. Ndipo ulamuliro unaperekedwa kwa eni dziko mu 1966, pa chochitika chimene anthu anachitcha Umwini. Liwu limeneli ndilo muyeso woyenera wa maphunziro a mafilimu. Tifunse kuti: zojambulidwa zonse zimasungidwa kuti? Dzina la mwini filimu ndi la yani? Amene ali ndi mawu omaliza pa kusanja ndani?

6.0 Mawu omaliza

Ife aphunzitsi a zinenero takhala tikuona filimu ngati nkhani ya anzathu a utolankhani. Zimene tafotokoza pamwambapa zikusonyeza kuti mbali yaikulu ya luso limeneli ndi ya ife. Tikupereka maganizo anayi. Choyamba, zigawo zathu ziphunzitse kulemba mawu ojambulidwa monga momwe analankhulidwira, osawakonza kuti afanane ndi Chinyanja cha m'buku, ndiponso luso la mawu a m'munsi opita mbali zonse ziwiri. Chachiwiri, wophunzira aliyense akhale ndi aphungu awiri, wa zipangizo ndi wa chinenero, ndipo wachiwiriyu angathe kukhala mphunzitsi wopuma pa ntchito kapena muulutsi wa pa wailesi monga Breeze FM ya ku Chipata. Chachitatu, tigwirizane za kalembedwe, popeza malamulo a ku Zambia a mu 1977 amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, chonsecho oonera athu ali mbali zonse za malire a Mwami ndi Mchinji. Chachinayi, filimu isanatuluke m'dera ionetsedwe kaye kwa amene ajambulidwa, pamene kusintha kukadali kotheka.

Zitsanzo za kafotokozedwe sitisowa kukazifuna kutali. Julius Chongo, amene nthano zake za Poceza M'madzulo zinkamveka pa wailesi ya Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo Ernst Wendland anazifufuza mwakuya, anasonyeza mmene mvekero, kusinthasintha kwa mawu ndi kaimidwe ka ziganizo za Chinyanja zingagwirire omvera popanda chithunzi n'chimodzi chomwe. Wophunzira wa ku Chipata amene wamvetsera Chongo mosamala wayamba kale kuphunzira kusanja, ndipo ntchito ya phungu wake ndi kumuthandiza kusamutsira luso limenelo pa chinsalu.