Mwana Mmodzi Wanzeru Si Sukulu

Ambirife tidamva za William Kamkwamba wa ku Wimbe, kwa anansi athu a ku Kasungu. Atasiya sukulu posoŵa fizi pa nthaŵi ya njala, mu 2002 mnyamatayu adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Buku la mbiri yake lidatuluka mu 2009, kanema wake mu 2019. Chiyambire apo, ena amatiuza kuti mwana wakhama safuna wina womthandiza.

Maganizo ameneŵa ngokoma kumva, koma ngosokeretsa. Nzeru zakezo Kamkwamba adazitola m'mabuku a m'laibulale ya pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe. Pakadapanda anthu oika mabuku pamenepo, khama lake likadathera m'munda wa chimanga. Nanga anzake amene adasiya sukulu chaka chomwecho osabwererakonso, ndani akuŵakumbuka?

Komabe tisafulumire kunena kuti boma ndi mipingo ndizo zonse. Mu 1894 amishoni a Anglican a UMCA adakhazikika kuno ku Nkhotakota, ndipo pambuyo pake adatsekula sukulu. Makolo ambiri achisilamu sadatumizeko ana ao, poopa kuti angasiye chipembedzo chao. Sukulu idalipo, koma mitima ya makolo inali kutali. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidathetsa fizi ku pulaimale, ndipo ophunzira adachuluka kuchoka pa 1,900,000 kufika pafupifupi 3,000,000. Khomo lidatsekuka ndithu, koma ana ambiri adapeza aphunzitsi osaphunzira ntchito, ena nkumaphunzirira pansi pa mtengo.

Tiyang'ane kugombe kwathu kuno. Dzina la mwana lili m'kaundula, koma usipa ukachuluka mnyamata amachezera pa nyanja ndi nyali, mtsikana ali kuthandala kuyanika nsomba. Lamulo lolembedwa ku Lilongwe silingamdzutse mwana ameneyu m'maŵa. Angamdzutse ndi amai ake. Komanso amaiwo sangasule aphunzitsi kapena kusindikiza mabuku: imeneyo ndi ntchito ya boma.

Tsono inu makolo, kusimba za Kamkwamba kokha sikukwanira. Pitani ku msonkhano wa komiti ya sukulu, mukafunse kuti mabuku alipo angati ndipo mphunzitsi mmodzi ali ndi ana angati. Mukabwerera kunyumba, muone ngati mwana wanu wagona msanga kapena ali m'bwato. Paja akulu adati mutu umodzi susenza denga.