Yesani Mbeu Musanadzale Munda Wonse

Mlimi wanzeru akalandira mbeu yachilendo sathamangira kudzala munda wonse. Amayamba wafesa njere khumi kuseri kwa nyumba kuti aone ngati zimera. Wolemba buku ayeneranso kutero. Mbeu yake ndi ganizo loyamba la nkhani, ndipo poyesera pake ndi m'makutu mwa anthu.

Pali nkhani zina zopeka zimene zimanena za sayansi ndi za m'tsogolo. Kutsidya kwa malire athu, ku Malawi, Shadreck Chikoti adalemba buku lotere m'Chingerezi, dzina lake Azotus the Kingdom. Lidapambana mphoto ya Peer Gynt mu 2013, ndipo lidasindikizidwa mu 2015. Ganizo lake ndi ili: papita zaka 500, ndipo anthu a mu Afirika akukhala aliyense m'nyumba ya yekha. Zonse zofunika akuzilandira momwemo, koma sayenderana.

Ife tikuti mbeu imeneyi ndi yabwino. Munthu angathe kuinena yonse m'mau ochepa, ndipo womva sangakhale chete. Afunsa kuti, "Nanga maliro aika ndani? Munthu wokhuta koma wopanda mnansi, kodi ndi mfulu kapena wam'ndende?" Ganizo lobala mafunso otere lingathe kusenza buku lathunthu.

A Chikoti omwewo adayambitsa Story Club ku Lilongwe mu 2013, kuti alembi azikumana ndi kumverana ntchito zao. Mwambowu si wachilendo kwa ife. Wonena nthano akati "Padangokhala," amadikira kuti timuyankhe "Tili tonse." Tikayamba kuodzera, amadziwa kuti nthano yafooka.

Tsopano tiyeni tiyese mbeu yathu ya kuno ku Milange. Tinene kuti wina wa ife afuna kulemba za chaka cha 2100, pamene anthu apanga makina olamula mvula. Akangoti, "Makinawo ndi aakulu ndi onyezimira," mbeuyo ndi mankhusu okhaokha. Mulibe munthu, mulibe mlandu.

Choncho ife omvera timufunse. Ngati makinawo ali pa phiri la Tumbine, mfungulo wake asunga ndani? Mtambo umene umagwetsa mvula kuno ndi womwewo umene umanyowetsa Muloza ndi Mulanje. Ife tikaimitsa mvula, a tsidya lija adya chiyani? Timukumbutsenso kuti Tumbine adagumuka mu 1998, ndi kuti namondwe Freddy adatimiza mu 2023. Gogo amene adakula akumva za masoka amenewa adzafuna kuti mvula iime. Mdzukulu wake wogulitsa chimanga kumalire adzafuna kuti igwe. Apo nkhani yamera, chifukwa anthu awiri okondana asemphana.

Koma omvera nao angathe kuononga. Wina amangoti, "Zili bwino," chifukwa cha ulemu. Ameneyo walekerera mnzake kudzala mbeu yofumbwa ndi kutaya chaka chonse. Wina amaseka, nati, "Zimenezo sizingachitike." Ameneyo waiwala kuti makolo athu sakadakhulupirira kuti ndalama zingayende pa foni ya m'manja, monga zikuyendera pa M-Pesa. Funso lothandiza ndi ili: zitachitika, adzalira ndani, ndipo adzaseka ndani?

Wolembanso asatole mau onse. Amve, apete, asankhe. Kenaka akhale yekha ndi cholembera chake, pakuti mwini munda ndi iye. M'mera mpoyamba.

Mafunso okambirana:

1. Chifukwa chiyani ganizo la buku la a Chikoti likutchedwa mbeu yabwino?
2. Kodi inu mungapereke mfungulo wa makina a mvula kwa yani?
3. Nenani ganizo la nkhani yanu m'mau ochepa, ndipo anzanu akufunseni mafunso atatu.