Dzanja Losenda Khungwa ku Biriwiri

Ku Biriwiri, pomwe msewu wa M1 umayenda m'malire a Malawi ndi Mozambique, mwamuna amene mkodzo wayamba kumuvuta kawirikawiri safulumira kukafola pamzere ku chipatala cha boma ku Ntcheu. Amayamba wadzera kwa sing'anga wa zitsamba chakumadzulo, poti nkhani ya kumusi sakambira pagulu.

Sing'anga wodziwa ntchito amayamba ndi mafunso. "Bambo, usiku mumadzuka kangati? Ukamatuluka umawotcha, kapena umangodontha? Magazi mwaonamo?" Pofunsa maso ake amakhala pa mtondo, kuti wodwala amasuke.

Luso lenileni limaonekera kutchire. Taonani mmene amasendera muwawani. Sazunguliza thunthu, pakuti mtengo wosendedwa kuzungulira umauma. Amalemba timizere ndi kasemasema mbali ya kum'mawa, n'kutokosa khungwa lotalika ngati chikhatho, kenako n'kutembenukira kumadzulo. Pabala amamatapo dothi lonyowa. Akafuna muzu amadula wam'mbali, waukulu n'kuusiya, dzenje n'kukwirira bwinobwino. Kunyumba khungwalo amaliyanika pamthunzi, likauma n'kulisinja ndi kulisefa mpaka litasanduka ufa wosalala, wowawa zedi. Muyeso wake ndi wotsina ndi zala, ndipo wodwala amachenjezedwa kuti asawonjezere payekha.

Kudziletsa kotereku si nkhani yaing'ono. Mwachitsanzo, khungwa la mtengo wina wotchedwa Prunus africana limagulitsidwa ku Ulaya ngati mankhwala a amuna otupa prostate. Ku Cameroon ndi ku Madagascar ofuna ndalama anausenda mopanda chisoni, mpaka mu 1995 unaikidwa pa mndandanda wa CITES wa zamoyo zomwe malonda ake amayang'aniridwa. Wosenda mbali ziwiri zokha amadzabwerera pa mtengo womwewo patapita zaka, n'kuupeza bala litapola.

Koma chomwe chimasiyanitsa katswiri ndi wongofuna ndalama ndi kudziwa polekezera. Akamva za magazi amaganizira likodzo, lomwe mankhwala ake ndi praziquantel wa kuchipatala. Akaona mkulu wagwira pamimba, mkodzo watsekeka usiku wonse, sasinjanso kanthu. Amati, "Agogo, apa mpofunika paipi, kwerani galimoto lero lomwe."

Abambo amene mwadutsa zaka 50, sing'anga akakuuzani mawu amenewa musamuyese wolephera. Ameneyo ndiye waidziwa ntchito yake. Mverani, pitani mukayezetse.