Nsalu Inatsogola, Kazembe Anatsatira

Amalakwitsa olemba mbiri amene amayamba ndi amishoni pofotokoza ubale wa America ndi kum'mawa kwa Africa. Chinatsogola ndi malonda. Amalonda a ku Salem ankagulitsa ku Zanzibar nsalu yoyera imene Aswahili anaitcha merikani. Pofuna kuteteza phindulo, boma la America linachita pangano ndi mfumu Seyyid Said mu 1833, ndipo mu 1837 kazembe wawo Richard Waters anafika pachilumbapo. Nsalu zochokera kugombe zinafika mpaka kuno, kumene mafumu a Chiyao monga Malemia, wa m'munsi mwa phiri la Zomba, ankazigula popereka minyanga ya njovu ndi akapolo. Choncho wophunzira wanzeru adzifunse: kodi mtengo weniweni wa nsaluzo analipira ndani?