Apilo si kukambanso mlandu

Mawu akuti "apilo" analowa m'Chichewa mosavuta, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Ndikafunsa ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ya ku Bindura, monga wa Trojan, ambiri amati apilo ndi kupita kwa wamkulu kukafotokozanso nkhani yonse. Akunena zoona ngati mlandu unayambira kwa mfumu: ku Zimbabwe, wosakhutira ndi chigamulo cha bwalo la mfumu amapita kwa majisitireti, yemwe amaumvanso mlanduwo kuyambira pachiyambi.

Koma mlandu wa ngongole kapena wotulutsidwa m'nyumba ya kampani ukagamulidwa ndi majisitireti, zimasintha. Woluzayo ali ndi masiku 21 oti alembe kuti akuchita apilo, ndipo ayenera kutchula bwinobwino pamene woweruza analakwitsa. Oweruza a khoti lalikulu ku Harare saitananso mboni, kupatula mwa apo ndi apo. Amawerenga zimene zinalembedwa mlandu uli mkati. Kuchita apilo pakokha sikuimitsanso chigamulo cha majisitireti. Pamafunika pempho lina lapadera. Munthu angathe kupezeka katundu ali panja apilo ikadali m'njira.

Chimene chimandivuta kwambiri monga womasulira ndi zolembedwazo. Zimakhala m'Chingerezi. Agogo akanena kuti "nyumbayi anatipatsa", womasulira ayenera kusankha msangamsanga pakati pa mphatso, kubwereka ndi malo ogona a wantchito, pamene liwu lathu lakuti kupatsa limanyamula zonsezo. Chimene wasankhacho ndiye chimasanduka umboni. Oweruza a ku Harare adzasanthula chiganizo cha womasulirayo mosamala kwambiri, koma mawu enieni a agogowo sali patsamba lililonse. Tsono loya angaloze pati kuti apa panalakwika?

Malamulo aakulu a dziko a 2013, mu gawo 6, amaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo anthu m'makomponi anali ndi chifukwa chosangalalira. Ine ndimaona kuti lonjezoli limathera pakhomo la ofesi yosunga mafayilo. Chikhala kwa ine, mawu amene mlandu wagonapo akanamalembedwa momwe mboni inawanenera, Chingerezi chake pambali, ndipo kalaliki akanamauza woluza aliyense m'chilankhulo chake kuti masiku 21 ayamba kale kuwerengedwa.