Kodi Demo Tiziionera Bwanji?

Anzanga acinyamata, mwina munaonako Second Reality pa YouTube, demo imene gulu la Future Crew la ku Finland linapambana nayo mpikisano wa Assembly mu 1993. Mwina munati ndi katuni cabe. Iai, demo si filimu. Ndi pulogalamu: kompyuta imajambula zithunzi ndi kuliza nyimbo pomwepo, inu mukuona. Vidiyo imabisa thukuta limeneli. Koposa, iyendetseni mu DOSBox, pulogalamu yotsanzira makompyuta akale. Musanaweruze, funsani mphamvu za makinawo. Mu 1997 a Smash Designs anaipanganso pa Commodore 64, ya makilobaiti 64 cabe! Kumbukirani fanizo la matalente pa Mateyu 25. Nanga ife, ndi mafoni athu amphamvuwa, tapindula ciani?